Njanji ya pa Nkaya, nthambo za ku Phombeya: momwe mafuta ndi magetsi athu akudalirira Mozambique

Munthu woyenda pa basi kuchokera ku Blantyre kupita ku Lilongwe saiona Nkaya. Malowa ali mkati, kummwera kwa tauni ya Balaka, kutali ndi phula la msewu wa M1, ndipo ambiri okhala m'mizinda amangomva dzina lake. Komatu aliyense amene anagonapo pamzere wodikira petulo ku Kanengo kapena ku Ginnery Corner ali ndi chifukwa chodziwira malowa. Pa Nkaya ndi pamphambano ya njanji. Njanji yakale yochokera ku Limbe imadutsa apa polowera ku Salima, Lilongwe ndi Mchinji. Ina imapatuka apa kulowera kummawa, n'kuwoloka mtsinje wa Shire pa Liwonde, kudutsa m'boma la Machinga mpaka pa Nayuchi, pomwe imalowa m'dziko la Mozambique kupita kudoko la Nacala. Yachitatu, yomwe ndi yatsopano, imafika pa Nkaya kuchokera kumadzulo, ku migodi ya malasha ya Moatize m'chigawo cha Tete.

M'boma lomweli la Balaka, chakudera la Phalula, kuli Phombeya, siteshoni yaikulu ya magetsi ya bungwe la ESCOM. Pamenepa ndi pomwe pakuthera nthambo zochokera ku Matambo, pafupi ndi mzinda wa Tete, zomwe cholinga chake ndi kulumikiza dziko lino ku msika wa magetsi wa mayiko a kummwera kwa Africa. Choncho boma limodzi lasunga makomo awiri, la mafuta ndi la magetsi, ndipo onse awiri akutsegukira ku Mozambique. Kuti timvetse chomwe mgwirizano wa mayiko oyandikana pa nkhani ya mphamvu ungatipatse, komanso chomwe sungatipatse, ndi bwino kuyang'ana makomo awiriwa.

Tiyambe ndi njanji, popeza ndiyo yakale ndipo inaona zambiri.

Njanji ya Nkaya mpaka Nayuchi, yotalika pafupifupi makilomita 100, inatsegulidwa mu 1970, nthawi ya ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda, pomwe Mozambique inali idakali m'manja mwa Apwitikizi. Kufikira nthawi imeneyo katundu wa dziko lino ankadalira njanji imodzi yokha yodzera ku Nsanje kupita ku Beira. Nacala inapatsa Malawi doko lachiwiri, lakuya mwachilengedwe, ndipo kwa zaka khumi ndi zingapo pafupifupi katundu yense wolowa ndi wotuluka m'dziko muno, kuphatikizapo mafuta, ankadzera m'madoko awiriwa.

Kenaka nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique inakula. Njanji ya ku Beira inatsekeka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo pofika 1984 ya ku Nacala nayonso inali itasiya kuyenda. Dziko lino linayamba kutenga katundu kudzera ku Durban, ulendo wa makilomita zikwi zingapo pamsewu, ndipo pambuyo pake linatsegula njira ya kumpoto yopita ku Dar es Salaam. Mtengo wa mayendedwe unakwera koopsa, ndipo unalowa m'mtengo wa feteleza, wa mchere ndi wa mafuta a nyali. Ubale wa maboma awiriwa unali utaipa, chifukwa boma la Frelimo linkaganizira Malawi kuti ikuthandiza zigawenga za Renamo. Mu Sepitembala 1986 Samora Machel, Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe anabwera ku Blantyre kudzakambirana ndi Dr Banda za nkhaniyi, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho, Machel atamwalira kale pangozi ya ndege, Malawi ndi Mozambique anagwirizana zothandizana pa chitetezo. Kuyambira 1987 asilikali a Malawi anapita kukalondera njanji ya Nacala mkati mwa Mozambique, ndipo ena sanabwerere amoyo. Mtendere unadza mu Okutobala 1992. Amene amaganiza kuti mawu akuti chitetezo cha mphamvu ndi chilankhulo cha m'misonkhano ya m'mahotela akumbukire kuti panali nthawi yomwe mawuwa ankatanthauza msilikali wa mfuti atakwera pa bogi.

Njanji yomwe ilipo lero pa Nkaya si ya masiku amenewo. Kampani ya migodi ya Vale ya ku Brazil, pofuna njira yachidule yotulutsira malasha a ku Moatize, inaona kuti kudutsa m'dziko la Malawi n'kwapafupi kusiyana ndi kuzungulira. Inamanga njanji yatsopano ya makilomita oposa 130 kuchokera pa Kachaso, m'malire a kumadzulo, kudzafika pa Nkaya, ndipo inakonzanso chigawo cha Nkaya mpaka Nayuchi kuti chizitha kusenza sitima zolemera. Njira yonse, kuchokera ku Moatize kukafika ku Nacala-a-Velha, ndi makilomita 912, ndipo inatsegulidwa mwamwambo mu Meyi 2017. Mu 2022 Vale inagulitsa mgodi ndi njanjiyi ku kampani ya Vulcan, ya eni ake a ku India.

Apa pali chinthu choyenera kuchinena poyera. Njanji yabwino kwambiri m'dziko muno sinamangidwire Amalawi. Inamangidwa kuti malasha a ku Mozambique adutse m'dziko lathu kubwerera ku Mozambique, n'kukakwera sitima zapamadzi zopita kutsidya la nyanja. Anthu a pa Nkaya amaona mabogi oposa 100 a malasha akudutsa m'sitima imodzi, pomwe malo opangira magetsi a malasha omwe boma linkafuna kumanga pa Kammwamba m'boma la Neno, m'mbali mwa njanji yomweyi, akhala akukambidwa kwa zaka zoposa khumi. Komabe phindu lilipo. Boma limalandira ndalama za chilolezo, ndipo choposa pamenepo, sitima za katundu wathu zinapeza njanji yolimba yomwe ife patokha sitikanakwanitsa kuimanga.

Phindu lenileni likuoneka pa mafuta. Malawi sayenga mafuta ndipo alibe paipi yochokera kunyanja yaikulu. Zambia ili ndi paipi ya TAZAMA yochokera ku Dar es Salaam kupita ku Ndola kuyambira 1968, Zimbabwe ili ndi yochokera ku Beira kupita ku Feruka pafupi ndi Mutare, koma ife dontho lililonse la petulo ndi dizilo limabwera pa matayala kapena pa njanji, ndipo ochuluka amabwera pa matayala. Thanki yochokera ku Dar es Salaam imayenda makilomita oposa 1,500 kuti ifike ku Lilongwe, ikuwononga msewu, ikudikira pachipata cha Songwe, ikumwa gawo la dizilo wofanana ndi yemwe yanyamula. Bogi imodzi ya sitima imanyamula mafuta ochuluka kuposa thanki imodzi, ndipo injini imodzi imakoka mabogi ambiri nthawi imodzi. N'chifukwa chake akatswiri akhala akunena kuti njira ya Nacala ndiyo yotchipa.

Nanga bwanji sitinkaigwiritsa ntchito mokwanira? Yankho lina lili pa Nkaya pomwepo, koma kumbali yathu ya mphambano. Njanji yolowera kumpoto inakalamba ndipo madzi akhala akuidula. Mu 2003 mlatho wa pa mtsinje wa Rivirivi, pafupi ndi Balaka, unakokoloka, ndipo ngakhale unamangidwanso, zigawo zina za njanjiyi zinapitiriza kuwonongeka. Mpaka mu Julayi 2024 ndi pomwe sitima ya mafuta yochokera ku Nacala inafikanso ku Lilongwe, patatha zaka 21, ndipo mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, anakailandira yekha. Inanyamula malita 640,000 a dizilo. Chiwerengerochi n'chosangalatsa kufikira mutachiyerekeza ndi zomwe dziko lino limagwiritsa ntchito, zomwe ndi pafupifupi malita 1 miliyoni a dizilo pa tsiku, kuwonjezera petulo wochuluka chimodzimodzi. Sitima imodzi siikwana ngakhale tsiku limodzi. Chofunika ndi sitima zobwera motsatizana sabata ndi sabata, mabogi okwanira, malo otsitsira mafuta pa nkhokwe za bungwe la NOCMA ku Matindi ndi ku Kanengo, komanso mpata pa njanji yomwe eni ake amaika malasha patsogolo.

Pa mapepala, mgwirizano ulipo. Mu Okutobala 2023 atsogoleri a Malawi, Mozambique ndi Zambia, a Chakwera, a Filipe Nyusi ndi a Hakainde Hichilema, anakumana ku Nacala potsegulira doko lokonzedwanso ndipo mayiko atatuwa anasainirana mapangano oyendetsera njira ya Nacala. Zambia ikukhudzidwa chifukwa njanji ya ku Mchinji inafika ku Chipata mu 2010, kotero katundu wa chigawo cha kummawa kwa dzikolo akhoza kudzera pa Nkaya.

Koma patangotha chaka chimodzi, phunziro la m'ma 1980 linabwereranso mwa mtundu wina. Chisankho cha ku Mozambique cha pa 9 Okutobala 2024 chinabala zionetsero zomwe zinatenga miyezi, misewu inatsekedwa, mathanki ochokera ku Beira anavutika kuyenda, ndipo anthu zikwizikwi anathawira ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Kuno mafuta anali akusowa kale chifukwa cha kuchepa kwa ndalama zakunja, ndiye chipwirikiticho chinangowonjezera moto. Madoko awiri mwa atatu omwe timadalira ali m'dziko limodzi. Ichi n'chifukwa chake njira ya ku Dar es Salaam, ngakhale ili yaitali ndi yodula, siingatayidwe.

Tsopano tiwoloke kupita ku Phombeya, komwe nkhani yake ndi ya magetsi.

Vuto la magetsi m'dziko muno limayambira pa mtsinje umodzi. Malo akuluakulu opangira magetsi a kampani ya EGENCO, omwe ndi Nkula, Tedzani ndi Kapichira, onse ali pa Shire, motsatizana ngati mikanda pa ulusi umodzi. Madzi ake amachokera m'nyanja ya Malawi ndipo amayendetsedwa pa Kamuzu Barrage ku Liwonde, mtunda wochepa kuchokera pamlatho wa njanji ya ku Nayuchi. Nyanja ikaphwa, makina onse amafooka pamodzi, monga zinachitikira mu 2016 ndi 2017, pomwe magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse ndipo boma linachita kubwereka majenereta a dizilo a kampani ya Aggreko pamtengo wokwera. Madzi akachuluka, vuto ndi lomwelo. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, ndipo usiku umodzi dziko lino linataya mamegawati 129.6, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi a m'madzi. Zinatenga chaka ndi miyezi kuti makinawo ayambenso kuzungulira. Akale amakumbukiranso kuti pakati pa 1915 ndi m'ma 1930 nyanja inatsika mpaka Shire anasiya kutulutsa madzi ake. Magetsi a dzuwa a ku Salima, a mamegawati 60, ndi a ku Golomoti, a mamegawati 20, athandiza, koma sanachotse kudalira kwathu pa Shire.

Mayiko anzathu anapeza njira yochepetsera vuto lotere kalekale. Mu Ogasiti 1995 mayiko a SADC anakhazikitsa bungwe la Southern African Power Pool, mwachidule SAPP, lomwe likulu lake lili ku Harare. Ganizo lake n'losavuta. Mayiko akalumikiza nthambo zawo zikuluzikulu, magetsi amayenda kuchokera komwe atsala kupita komwe aperewera. Ena amagulitsana pa mgwirizano wa zaka zambiri, pomwe mtengo ndi kuchuluka kwa magetsi zimadziwika kale. Ena amagula pamsika wa tsiku ndi tsiku, pomwe kampani imanena lero kuchuluka kwa magetsi omwe ikufuna kugula kapena kugulitsa mawa, ola ndi ola, ndipo mtengo umatuluka malinga ndi ogula ndi ogulitsa. Magetsi akadutsa m'nthambo za dziko lachitatu, dzikolo limalandira ndalama ya njira. Pali phindu linanso lomwe wogula wamba saliona. Makina a mayiko onse olumikizana amazungulira pa liwiro limodzi, choncho makina amodzi akaima mwadzidzidzi, ena onse amagawana katunduyo m'kamphindi. Ife tili patokha, makina amodzi akuluakulu akazima pa Nkula kapena pa Kapichira, nthawi zina dziko lonse limagwa mumdima.

Malawi ndi membala wa SAPP kuyambira pachiyambi, koma kwa zaka zonsezi wakhala m'gulu la mamembala osalumikizidwa, pamodzi ndi Angola ndi Tanzania. Tinali ndi mpando pamsonkhano koma tinalibe benchi pamsika.

Chodabwitsa n'chakuti magetsiwo sanali kutali. Damu la Cahora Bassa pa mtsinje wa Zambezi, lomwe linamalizidwa mu 1974, lili ndi mphamvu ya mamegawati 2,075, kuposa kanayi zonse zomwe EGENCO imapanga. Ambiri mwa magetsi ake amayenda makilomita pafupifupi 1,400 kupita kufupi ndi Johannesburg, pomwe kuchokera pa Matambo kudzafika pa Phombeya ndi makilomita 218 okha, 142 mbali ya Mozambique ndi 76 mbali ya Malawi.

Chinachedwetsa ntchitoyi si mtunda. Mayiko awiriwa anayamba kukambirana zolumikiza nthambo m'zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2007 World Bank inavomereza ngongole ya ntchitoyi. Boma la Bingu wa Mutharika linabwerera m'mbuyo, ponena kuti ndalama zomwe Malawi akanamalipira mwezi ndi mwezi zinali zochuluka ndipo mgwirizanowo unkakomera Mozambique. Inalinso nthawi yomwe ubale wa maboma awiriwa unazizira, makamaka pa nkhani ya doko la Nsanje, lomwe linatsegulidwa mu Okutobala 2010 popanda bwato lomwe linkayembekezeka, chifukwa akuluakulu a ku Mozambique analigwira pa Zambezi ponena kuti kafukufuku woyenera anali asanachitike. Funso la a Mutharika lokhudza mtengo silinali lopanda nzeru, ndipo tibwereranso kwa ilo. Koma aliyense amene anawerengera zomwe dziko lino linataya pa kuzimazima kwa 2017 ndi pa majenereta a dizilo angavomereze kuti kukana kuja kunatidyera zambiri kuposa zomwe kunapulumutsa.

Mu Epulo 2013 a Joyce Banda ndi a Armando Guebuza anatsitsimutsa mgwirizanowu ku Lilongwe. Pakati pa 2013 ndi 2018, ndi thandizo la dziko la America kudzera ku Millennium Challenge Corporation, kunamangidwa siteshoni ya Phombeya ndi nthambo za mphamvu ya makilovoti 400 zopita ku Nkhoma, zomwe zinakonza njira yoti magetsi ochokera kunja adzathe kufika m'chigawo chapakati. Mu 2019 World Bank inavomerezanso ndalama, mothandizana ndi banki ya KfW ya ku Germany, dziko la Norway ndi European Union. Mu Epulo 2022, patangotha miyezi itatu Kapichira atagumuka, a Chakwera ndi a Nyusi anakhazikitsa ntchitoyi pa Phombeya. Inkayembekezeka kutha mu 2023, koma tsikuli linasunthidwa kangapo.

Pa mgwirizano woyamba, ESCOM igule mamegawati 50 kwa kampani ya magetsi ya Mozambique, EDM. Nthambozo zikhoza kunyamula ochuluka kwambiri kuposa pamenepo, ndipo zimayenda mbali zonse ziwiri. Ngati malo opangira magetsi a Mpatamanga, omwe akukonzedwa pa Shire ndipo akuyembekezeka kupanga mamegawati oposa 350, adzamalizidwe, Malawi akhoza kudzagulitsa magetsi m'maola omwe atsala. Koma poyambira tidzakhala ogula, ndipo mamegawati 50 sakufika ngakhale theka la zomwe tinataya pa Kapichira.

Pali zinthu ziwiri zomwe nthambo sizingathetse. Choyamba ndi ndalama. Magetsi ogula kunja amalipiridwa m'madola, monga momwe zilili ndi mafuta. ESCOM imatolera makwacha kwa ogula ake, ndipo kwacha anagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Nthawi iliyonse izi zikachitika, ngongole ya m'madola imakula pomwe ndalama zotolera zili zomwezo. Mapangano ambiri a mtundu uwu amafunanso kuti wogula alipire magetsi omwe anasungitsa, kaya awagwiritsa ntchito kapena ayi. Dziko lomwe mathanki ake amakhala padoko kudikira kuti mabanki apeze madola liyenera kufunsa poyera komwe madola a magetsi azichokera. Zimbabwe inachepetseredwapo magetsi ndi anansi ake chifukwa cha ngongole. Pamsika wa SAPP ubale umalemekezedwa, koma wosalipira sapatsidwa katundu.

Chachiwiri ndi mvula. Shire amathira mu Zambezi, ndipo Kariba, Kafue ndi Cahora Bassa onse ali m'chigwa chimodzi chomwechi. Ng'amba ya 2024 inaonetsa tanthauzo la zimenezi. Madzi a ku Kariba anatsika mpaka ku Lusaka magetsi ankazima maola oposa 20 pa tsiku, ngakhale Zambia ili yolumikizidwa ku SAPP kuyambira kale. Cahora Bassa nayo inatsika kwambiri. Chilala chikagwa m'chigawo chonse, aliyense amafuna kugula, ogulitsa amachepa, mtengo umakwera, ndipo dziko lililonse limayamba laganizira anthu ake. Chaka chomwecho, chodabwitsa, nyanja ya Malawi inali yodzaza mpaka kumiza malo ogona alendo ku Mangochi. Kusiyana kotereku ndiko kumapatsa msika wa magetsi phindu, pakuti sizaka zonse zomwe mavuto amagwa mofanana. Koma akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kulumikizana ndi anansi kumawonjezera pa magetsi opanga tokha, sikulowa m'malo mwake. N'chifukwa chakenso mapulani olumikiza nthambo ndi Zambia kudzera ku Chipata, ndi Tanzania kudzera ku Songwe, ali ofunika, kuti Phombeya isadzakhale khomo lokhalo monga Beira inalili njanji ya Nkaya isanamangidwe.

Palinso chitetezo cha nthambo zenizenizo. Pa nthawi ya nkhondo Renamo inagwetsa nsanja zambirimbiri za nthambo za Cahora Bassa, ndipo magetsi opita ku South Africa anaima kwa zaka zoposa khumi mpaka kumapeto kwa m'ma 1990. Lero mdani wake ndi wamng'ono koma wa tsiku ndi tsiku: akuba zitsulo za nsanja, mawaya ndi zomangira njanji, zomwe zimakathera kwa ogula zitsulo zakutha. Nsanja imodzi ikagwa ku Mwanza kapena ku Moatize, magetsi sadzafika pa Phombeya ngakhale mabilu onse atalipiridwa. Apolisi a mayiko awiriwa sangalondere makilomita 218 usiku uliwonse. Alonda enieni ndi anthu a m'midzi yomwe nthambo ndi njanji zikudutsa.

Ndipo apa nkhani ikubwerera kwa anthu a ku Balaka ndi ku Machinga. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha mwa 100 aliwonse m'dziko muno ndiwo ankaunikira magetsi, ndipo kumidzi chiwerengerocho chinali chotsika kwambiri. Nthambo za makilovoti 400 sizitsikira m'nyumba ya munthu. Zimafuna masiteshoni otsitsa mphamvu, mapolo, matiransifoma ndi ndalama yolumikizira, zomwe ndi ntchito ya ESCOM ndi ya pulogalamu ya boma yofikitsa magetsi kumidzi ya MAREP, osati ya Mozambique kapena World Bank. Woyenda pa M1 pakati pa Zalewa ndi Phalula amaona matumba a makala ataimikidwa m'mbali mwa msewu, ena pafupi ndi nsanja zomwezo, akudikira galimoto zopita ku Blantyre komwe mabanja ambiri, ngakhale okhala ndi magetsi m'nyumba, amaphikirabe pa mbaula chifukwa sadziwa ola lomwe magetsi azime. Mitengo yomwe ikuotchedwa makalawo ndi ya m'mapiri otsetsereka kulowera ku Shire, ndipo dothi lokokoloka kumeneko limakathera m'madamu a Nkula ndi Tedzani, komwe EGENCO imawononga ndalama zambiri chaka ndi chaka kulichotsa.